Tcheniso yakale: tsegulani ekizozi musanapereke ndalama

Mwezi wathawu bambo wina wa ku Lifuwu anafika pamalo panga pokonzera mainjini pa Kamuzu Road ku Salima atanyamula tcheniso m'thumba la feteleza. Anali atagulitsa mpunga n'kugula makinawo kwa munthu wongodutsa, cholinga azicheka matabwa a bulugama ndi malaina kuti ana apeze fizi. Tchenisoyo inagwira ntchito masiku atatu, lachinayi inazima osadzukanso. Nditamasula ekizozi ndinapeza pisitoni ili mizeremizere ngati yakandidwa ndi msomali. Zinandipweteka mumtima, chifukwa timabawuti ta ekizozi tikanamasulidwa ndalama zisanatuluke m'thumba, matendawo akanaoneka pomwepo.

Musandimve ngati ndikunyoza makina akale. Husqvarna 272 XP kapena Stihl MS 381 yeniyeni, imene mwini wake ankaisamala, imapirira kuposa zatsopano zambiri zotchipa zimene zadzaza m'misika. Vuto n'lakuti zonamizira zachuluka, zopakidwa mtundu womwewo ndi dzina longomata. Yeniyeni imakhala ndi nambala yake pathupi, ndipo nambalayo ikaoneka yofufutidwa kapena yopalidwa, isiyeni. Mwina ndi yakuba.

Muuzeni wogulitsa kuti asailize musanafike, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti pali chimene akubisa, pakuti injini yotopa ikatenthetsedwa kale imadzuka msanga ngati yabwinobwino. Kenaka inyamuleni ndi chogwirira cha chingwe cholizira, ilendewere. Yamphamvu imakana kutsika, imatsika pang'onopang'ono mogwedera. Ikangotsetsereka chingwe chonse n'kutha, maringi a pisitoni adatha ndipo mphamvu yopanikiza mpweya mulibe.

Tsopano pofunika penipeni. Tengani sipanala, masulani ekizozi, walitsani tochi ya foni pabowo, n'kukoka chingwe pang'onopang'ono kuti pisitoni idutse pamaso panu. Yamoyo imakhala yosalala, yonyowa pang'ono ndi oyilo, ringi ikuoneka yomasuka m'njira yake. Mukaona mizere yotsika kuchokera pamwamba, kapena chitsulo chosungunuka chitamatirira pa ringi, injiniyo idapsapo kale. Ikhoza kulira bwino lero, mwina sabata yathunthu, koma ikufa. Wogulitsa akakana kuti mutsegule, musakangane naye. Tsanzikani mwaulemu muzipita.

Chimapha pisitoni n'chiyani? Kawirikawiri ndi kasakanizidwe ka mafuta. Injini ya tcheniso ilibe posungira oyilo wake ngati ya galimoto, imadalira oyilo wa 2T, wopangidwira mainjini otere, amene mumathira m'petulo. Stihl ndi Husqvarna amalangiza muyezo wa 50 kwa 1 mukamagwiritsa ntchito oyilo wabwino, kutanthauza mamililita 100 m'malita 5 a petulo. Ndiye mufunseni wogulitsayo kuti, “Achimwene, mumasakaniza bwanji?” Akayankha kuti amangoyeza ndi maso, kapena kuti amathira oyilo wa galimoto, mwadziwa kale moyo umene makinawo akhala.

Kwathu kuno kuli zina ziwiri zoonjezera. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, wina mwa iye wopangidwa kufupi konkuno ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyontho ndipo amaumitsa timapaipi ta labala ndi tizikopa ta m'kabuleta, makamaka makina akagona miyezi mafuta ali momwemo. Chachiwiri ndi mchenga wa kunyanja ndi fumbi la m'chilimwe. Chotsani sefa ya mpweya muone kuseri kwake: mukapeza fumbi kapena utuchi pakhosi pa kabuleta, ndiye kuti injini yakhala ikumeza zimenezo, ndipo zimapala silinda ngati sandipepa.

Ikapambana zonsezi, ilizeni. Ikatentha isiyeni ilire yokha pansipansi, tcheni isakuzungulira, kenaka ipendekeni uku ndi uku. Liwu likasintha kwambiri, kuthamanga yokha kapena kuzima, kawirikawiri ndiye kuti masilo, timalabala totseka m'mbali mwa kulankishafiti, akulowetsa mpweya. Masilowo si odula, koma injini yoyamwa mpweya wakuba imatentha mopyola, ndipo mapeto ake ndi pisitoni ngati ya bambo aja. Lozetsaninso nsonga pachitsa choyera n'kukweza moto. Payenera kuoneka kamzere ka oyilo wothothoka ku tcheni. M'thanki ya oyilo wa tcheniyo ambiri amathira oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto, amene amadya pampu ndi chitsulo choyendapo tcheni. Ndipo musagule musanadule nayo chipika chenicheni, mpaka itatentha bwino.

Tcheni yotha, pulagi, chingwe, sipuloketi, izi zisakuopseni. Zimasinthidwa, mungochotsera pamtengo. Thupi losweka kapena lomatidwa ndi guluu, ndi mabowo a mabawuti olezuka, n'zovuta kuchiza.

Pa buleki ya tcheni pokha sindinyengerera munthu. Nsonga ya tcheniso ikagunda nthambi mosayembekezera, makina onse amadumphira kumaso kwa wocheka mofulumira kuposa kuphethira, ndipo chotchinga cha kutsogolo kwa dzanja lamanzere ndicho chimaimitsa tcheni. Ndimaona zambiri zitachotsedwa buleki, eni ake amvekere imasokoneza ntchito. Zina zakalekale zidapangidwa zilibiretu. Kumene anthu amachekera n'kutali ndi chipatala, ndipo bala la tcheni silidikira njinga ya kabaza. Yopanda buleki musagule, ngakhale mtengo utatsika chotani.

Dzifunseninso ngati ntchito ilipo yokwanira. Ngati mukufuna kugwetsa mitengo itatu ya mango yokalamba pakhomo, kulipira wocheka tsiku limodzi kuli bwino kuposa kusunga makina amene adzagona chaka chonse kabuleta ikuuma. Ngati ndi bizinesi, yambani mwafufuza ngati masipeya a mtundu umenewo akupezeka kuno kapena ku Lilongwe, ndipo pitani ku ofesi ya zankhalango pa boma mukamve za chilolezo. Lamulo la nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limalola kulanda zida za wopezeka akudula mitengo mosaloledwa. Kunkhalango za Thuma ndi Nkhotakota musayandikireko n'komwe, ndipo mbawa kapena mlombwa musakhudze musanafunse.

Bambo a ku Lifuwu aja tidawapezera silinda ndi pisitoni ku Lilongwe, tidasinthanso masilo amene adayambitsa zonsezi. Pobwera kudzatenga makina awo ndidawapatsa kabotolo kolembedwa mzere pa mamililita 100, ndipo tidasakaniza limodzi malita asanu oyamba.