Mbusa si nduna ya pakhomo pa Mulungu

"Abusa, mundipemphereko, inu ndiye Mulungu amakumverani msanga." Mawu amenewa ndawamva ku Ngabu, ndawamva ku Bangula, ndawamvanso pamaliro ku Tengani, ndipo anditopetsa. Kupempherera munthu sindikana, ndi ntchito yanga ndipo ndimaikonda. Chondiwawa ndi mchira wa mawuwo, woti pemphero la mayi wogulitsa mlamba pamsika wa Nchalo liyenera kudzera kaye mwa ine kuti likafike kumwamba.

Kumene maganizowa achokera ndikukudziwa. Kwathu kuno munthu sumangofika kwa mfumu yaikulu ngati ukulowa m'khola mwako. Umayamba kwa nyakwawa, nyakwawa nkukuperekeza kwa gulupu. Ku Khulubvi nakonso, mvula ikavuta, si aliyense ankalowa m'kachisi wa Mbona. Analipo oyenera kupereka nsembe m'malo mwa anthu. Ndiye munthu akamva kuti Mulungu ndi Mfumu ya mafumu, amangoti pakhomo pake sipangalephere nduna.

Aisraeli analidi ndi dongosolo lotero. Pa Levitiko 16, mkulu wa ansembe yekha ndiye ankalowa kuseri kwa chinsalu chotchinga Malo Opatulikitsa, kamodzi pachaka, atatenga magazi, ndipo ankayamba wapereka nsembe ya machimo ake omwe. Koma Mateyu 27:51 akunena kuti Yesu atamwalira, chinsalu chija chinang'ambika kuchokera kumwamba mpaka pansi. Kachisi wa ku Yerusalemu uja Aroma anamugwetsa m'chaka cha 70. Nanga ife tikusokeranji chinsalu chimene Mulungu anaching'amba yekha?

Baibulo lathu la Chichewa lili ndi mawu amene ndimalakalaka akadatilowa m'mutu: Nkhoswe. Pa 1 Yohane 2:1 Yesu akutchedwa Nkhoswe yathu kwa Atate. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la ukwati akudziwa kuti nkhoswe si mlendo wolembedwa ganyu. Ndi m'bale wako, magazi amodzi, wodziwa zofooka zako, amene mlandu wako amausenza ngati wake. N'chifukwa chake Ahebri 4 akuti mkulu wa ansembe wathu anayesedwa m'zonse monga ife, ndipo potero tiyandikire mpando wachifumu wa chisomo mopanda mantha. Ahebri 7:25 akuti ali ndi moyo nthawi zonse kutipembedzera. Pa 1 Timoteo 2:5 woima pakati pa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi yekha. Malo amenewo ali ndi mwini wake kale.

Mipingo imasiyana pa za udindo wa atsogoleri, ndipo sindibisa. Martin Luther m'chaka cha 1520 anatsindika kuti obatizidwa onse ndi ansembe, monga akunenera 1 Petro 2:9. Abale athu a Chikatolika amaphunzitsa kuti unsembe wa abambo ansembe ndi wosiyana ndi wa akhristu eni ake, komabe msonkhano wa Vatican II mu 1964 unanenetsa kuti zonse ziwiri zimachokera mu unsembe umodzi wa Khristu. Palibe mbali imene imati khutu la Mulungu limagulidwa. Simoni wa ku Samariya atayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti atayike nazo ndalama zakezo.

Pali mayi wina wa mumpingo mwanga amene nkhani yake imandisowetsabe tulo. Inali nyengo ya dzinja, madzi ali tayale m'madambo, udzudzu uli ng'waa. Mwana wake wazaka zinayi anatentha thupi Lachiwiri. Usiku anayamba kukomoka, maso atatembenuzika, timanja tikunjenjemera. Oyandikana nawo anati izi si zachipatala, ndi za anthu. M'mawa makolo ake anapita naye kwa mneneri wina amene ankapempheretsa m'chisakasa. Kumeneko anauzidwa kuti abzale kaye mbewu, kutanthauza kupereka ndalama, ndiye bambo anathamangira kukagulitsa mbuzi. Anawapatsa kabotolo ka mafuta, nkuwachenjeza kuti akapita kuchipatala ndiye kuti akayika, pangano lithyoka. Anagona m'chisakasamo masiku awiri. Lachisanu m'bandakucha bambo uja analimba mtima nkumukweza mwanayo pa kabaza, koma mwanayo anatsirizikira panjira.

Ndili pasiwa, mayi uja anandiyandikira nkunena chapansipansi kuti, "Abusa, mbuzi ija inali yaing'ono. Tikanagulitsa ziwiri mwina Mulungu akanamva." Patapita masabata ndinamufunsa kuti, "Mayi, usiku woyamba uja munapempherako nokha?" Anandiyang'ana modabwa. "Ine ndine ndani, Abusa, kuti Mulungu andimvere?"

Mayi ameneyu anakhala akumva ulaliki wanga zaka zambiri. Nyimbo ankaimba, chopereka ankapereka, koma mumtima mwake chinsalu chija chinali chilendewerebe, ndipo ine sindinachione. Chimenechi ndicho chimandipweteka kuposa za mneneri uja.

Tsono ndimvereni, abale anga. Mwana akatentha thupi m'chigwa cha Shire chino, ganizirani malungo kaye. Kuyeza magazi pachala kumatenga mphindi zochepa, ndipo mankhwala a LA m'zipatala za boma salipiritsa. Mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akamakanika kuyamwa kapena kumwa, akamangogona osadzutsika, nyamukani ola lomwelo, ngakhale pakati pa usiku. Malungo olowa m'mutu sadikira kuti mbuzi ipeze wogula. Chimodzimodzi mayi woyembekezera akaona magazi, kapena munthu akamatsegula m'mimba zamadzimadzi monga tinaonera pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. Inu amene mumamwa ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu, aliyense wokuuzani kuti mutaye mapiritsi chifukwa wakupemphererani akukukumbirani manda, kaya avale suti yoyera bwanji. Pempherani muli pa kabaza. Pempherani muli pamzere wa kuchipatala. Luka amene analemba Uthenga Wabwino uja, Paulo ankamutchula kuti sing'anga wokondedwa, ndipo sanamuuzepo kuti asiye ntchito yake.

Ena amanditsutsa ndi Yakobo 5, kuti paja analemba za akulu a mpingo ndi mafuta. Analembadi. Koma werengani bwino: wodwala amaitana akulu, akuluwo ndiwo amayenda ulendo wopita kwa iye, ndipo mtengo wa mafuta sunalembedwepo. Pang'ono chabe kutsogolo kwake akuti tizipemphererana wina ndi mnzake. Kupembedzera kwachikhristu nkumeneko: kugwada pambali pa m'bale wako, nonse mutayang'ana kwa Nkhoswe mmodzi. Elisa atachiritsa Namani anakana mphatso zake zonse. Amene anazithamangira ndi Gehazi, ndipo khate linamukakamira. Munthu akaika mtengo pa pemphero, akakuletsani kuchipatala, akamati popanda iye simungamveke kumwamba, zikalephereka nkuloza chala chikhulupiriro chanu, nyamulani mwana wanu muzipita. Musachite manyazi, musatsanzike nkomwe.

Mayi uja amabwerabe kutchalitchi, amakhala mpando wakumbuyo pafupi ndi khomo. Kangapo konse ndamupempha kuti atitsogolere pemphero pa msonkhano wa amayi Lachinayi. Amangoweramitsa mutu nkunena kuti, "Apemphere ena, Abusa." Lachinayi likubwerali ndikamupemphanso.