Akazitape a pankhondo sanali azungu okhaokha

Ku Britain ndi ku America, filimu ya akazitape a pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse ikangoika munthu wosakhala mzungu patsogolo, ena amayamba kudandaula kuti opanga mafilimu akulowetsa ndale m'mbiri. Koma chithunzi chimene odandaulawo ali nacho m'mutu chinaumbidwanso ndi mafilimu.

Nkhondo itatha, boma la Britain linapereka mendulo ya George Cross kwa amayi atatu a bungwe lachinsinsi la SOE, lomwe linkatumiza akazitape ku France. Odette Sansom anamupangira filimu mu 1950, Violette Szabo mu 1958. Wachitatu, Noor Inayat Khan, sinema ya nthawi imeneyo inamulumpha.

Noor anabadwira ku Moscow mu 1914. Bambo ake anali Mmwenye wachisilamu, katswiri wa nyimbo, mayi ake a ku America. Mu Juni 1943 anamutsitsa mobisa ku France kuti azitumiza mauthenga ku London pa wailesi, ndipo anali mkazi woyamba kupatsidwa ntchitoyi kumeneko. Inali ntchito yoika moyo pachiswe, poti Ajeremani anali ndi zipangizo zofufuzira komwe mawu a wailesi akuchokera. Anzake ambiri atagwidwa, iye anapitirizabe, kusamukasamuka ndi sutikesi yake yolemera, mpaka wina anamupereka mu Okutobala. Ajeremani anamuphera ku msasa wa akaidi wa Dachau mu Seputembala 1944. Chiboliboli chake chinadzaimikidwa ku Gordon Square mu London mochedwa, mu 2012.

Choncho pamene Radhika Apte, wa ku India, anasewera ngati Noor mu A Call to Spy, filimu yotuluka mu 2020, panalibe chopeka pa khungu lake. Amwenye oposa 2 miliyoni anamenyera Britain nkhondo imeneyi. Ngakhale asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland anakafika mpaka ku Burma, koma ndani anawaonapo pa kanema?

Kwa ine ndale zenizeni zili pena. Noor ankafuna India idzilamulire, ndipo sankabisa zimenezo ngakhale anavala yunifomu ya atsamunda omwewo. Kusankha wosewera Mmwenye n'kosavuta. Chovuta n'kumusiya alankhule maganizo amenewa pamaso pa mabwana ake achingerezi, poti zimasokoneza nthano yokoma ya Britain womenyera ufulu wa anthu onse. Filimu yongomuveka nkhope yachimwenye n'kumutseka pakamwa pa za India ndiyo ikunamiza anthu.