Magazi pa msongolo si umboni woti deadlift yayenda bwino

Sabata ndi sabata ndimaona zomwezomwezo mu jimu. Munthu wamaliza seti ya deadlift, kuja konyamula chitsulo cholemera kuchokera pansi mpaka kuima nacho chilili, misongolo yasupuka, magazi akuyenderera kulowera m'nsapato, iye busy kujambula ndi foni kuti anzake aone kuti lero wagwira ntchito, anzakewonso nkumamuchemerera kuti eya, umo ndi mmene zimakhalira ukamanyamula zenizeni. Ayi abale. Ndaphunzitsa anthu kunyamula zitsulo kwa zaka zambiri ndipo mawu amenewa andikwana. Msongolo ukamasupuka tsiku lililonse la deadlift ndiye kuti penapake mukulakwitsa, ndipo nthawi zambiri mwalakwitsa kale chitsulo chisanachoke nkomwe pansi.

Ndikudziwa komwe maganizowa anachokera. Munauzidwa kuti chitsulo chiziyenda pafupi ndi mwendo, ndipo zimenezo nzoona, chikatalikira ngakhale pang'ono katundu yense amathera kumsana wam'munsi. Koma kukhudza ndi kupala nzosiyana. Chitsulo chizingotsetsereka pamwendo mopepuka, osati muzichikokera m'fupa ngati mukufuna kudula mwendo ndi sowo.

Taonani mmene zinthu zakhalira. Mapuleti akuluakulu aja oikidwa mbali zonse za chitsulo ndi otambalala masentimita 45, ndiye chitsulo chikakhala pansi chimakhala pafupifupi masentimita 22 kuchokera pansi, ndendende pamsongolo pomwe fupa langokutidwa ndi kakhungu basi, palibe mnofu woti nkutchinjiriza. Chitsulocho chilinso ndi manomano aja okhakhala omwe anawapangira kuti dzanja lisaterereke. Manomanowo akakumana ndi khungu lapafupa, pamwamba pake pali makilo 100 kapena kuposa, khungulo silingalimbe.

Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri ndi kukhala pansi kwambiri ngati mukuchita squat, kuja konyonyomala chitsulo chili pamapewa. Chiuno chikatsika kwambiri mawondo amapita kutsogolo, misongolo nkupendekera pamwamba pa chitsulo, ndiye chitsulo chikamakwera chidzera kuti? Chipeza mwendo uli panjira, chiupala. Imani chitsulo chili pakati pa phazi, cha pomwe mumamanga zingwe za nsapato, mukayang'ana pansi pakhale kampata ka masentimita 2 kapena 3 pakati pa chitsulo ndi msongolo. Weramani muchigwire osachisuntha, kenako pindani mawondo pang'onopang'ono mpaka misongolo ingochikhudza, pomwepo imani. Chiuno chili pamenepo ndi pamalo pake, musachitsitsenso. Mapewa azikhala patsogolo pang'ono pa chitsulo. Limbitsani m'khwapa ngati mwapanira kapepala komwe simukufuna kagwe, kokani pang'ono mpaka mumve chitsulo chagunda mapuleti, ndiye kankhani pansi ndi mapazi. Mukakankha pansi mawondo amabwerera m'mbuyo okha nkupereka njira. Amene amangochizula mwadzidzidzi, kapena kutsamira chagada poyamba pomwe, ndi amene amatsala ndi mizere iwiri yofiira.

Ndiye pali potsitsa, apa mpomwe ambiri saganizako nkomwe. Anyamula bwinobwino, afika pamwamba, akutsitsa amayamba ndi kupinda mawondo, chitsulo nkumenya pa bondo kapena kupala msongolo wonse chotsika. Yambani ndi chiuno, chipite m'mbuyo, chitsulo chidutse mawondo kaye, mukatero pindani.

Onaninso mmene mwatangadzira miyendo. Pakati pa chitsulo pali mbali yosalala, mukaima mapazi motalikirana ngati chiuno chanu misongolo imagwera pamalo osalalawo. Anzathu a sumo, aja onyamula atatangadza miyendo kwambiri, alibe mwayi umenewu chifukwa miyendo yawo imakhala pa manomano penipeni, iwowo kuvala chotchinga si nkhani yokambirananso. Nsapato zothamangira za chidendene chofewa zija zimakugwetserani kutsogolo, valani zapansi pafulati.

Za masokosi ndinene mosabisa, sindimvetsa chifukwa chomwe anyamata amachitira nawo manyazi. Pa mipikisano ya IPF, bungwe la padziko lonse la onyamula zitsulo zolemera, lamulo ndi loti pa deadlift uvale masokosi aatali ophimba msongolo, akatswiri onyamula makilo 300 amavala, inu mukuopa chani? Masokosi a mpira amagwira ntchito, thalauza la trakisuti nalonso, ena amatsitsira ma knee sleeve, zothina zovala m'mawondo zija, pamsongolo. Koma sokosi ndi chotchinga chabe, ngati ikung'ambika mwezi uliwonse bwererani ku kaimidwe kanu.

Pali mnyamata wina yemwe mpaka pano ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Anali wakhama kwambiri, wosajomba, deadlift kawiri pa sabata, ndipo pamsongolo wakumanzere anali ndi kachilonda kakang'ono kosaposa chikhadabo. Kakati kayambe kuuma, tsiku la deadlift lafika, chitsulo nkuchotsa nkhanambo, kayambirenso. Magazi akatuluka ankangotapa choko chapamanja chija nkupaka kuti aleke, choko chomwe manja a anthu onse a mu jimu apisamo. Ndinamuuza kamodzi kuti aphimbe, anaseka nkunena kuti ndi kakang'ono aphunzitsi, ine nkumusiya. Apa mpomwe ndinalakwa, ndinayenera kumuletsa kugwira chitsulo tsiku lomwelo. Patapita masabata angapo mwendo unayamba kutupa, kufiira, kutentha, iye nkumati ndi minofu yatopa, wina mu jimu momwemo nkumuuza kuti apakepo mankhwala otsukira mano chiume, winanso nkumupatsa makapisozi otsala kunyumba kwake. Anataya masiku anayi akuchita zimenezo. Pomwe amapita kuchipatala anali ndi mwanabere m'mphechepeche, thupi likutentha, akulephera kuponda. Anamugoneka, mankhwala kudzera mu dripu, chilonda anachita kuchitsegula kuti achotse mafinya. Miyezi inadutsa asanagwirenso chitsulo ndipo atabwerera mphamvu zomwe anazivutikira chaka chonse zinali zitapita, pamsongolo pali chipsera chachikulu chakuda.

Chonde, madokotala a mu jimu asiyeni. Munthu kukhala ndi minofu ikuluikulu sizitanthauza kuti amadziwa za zilonda. Choko, mankhwala a mano, phulusa, mafuta onunkhira, zonsezi sizipita pachilonda. Maantibayotiki otsala a munthu wina musamwe, simukudziwa ngati ndi oyenera kachilombo kameneko ndipo theka la mankhwala limangobisa vuto. Mukasupuka siyani seti, tsukani ndi madzi oyera oyenda, sopo m'mbali mwake, phimbani ndi pulasitala kapena bandeji yoyera ndipo muzisintha tsiku ndi tsiku. Zilonda za pamsongolo zimachedwa kupola kusiyana ndi za pankono kapena kumaso, ndiye musadabwe sabata ikatha chisanatseke. Koma mukaona kufiira kukufalikira, pakutentha, ululu ukuwonjezereka m'malo mochepa, mafinya, kamzere kofiira kokwera chakuntchafu, mwanabere kapena thupi kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa, osati mukamaliza pulogalamu ya sabata ino. Amene muli ndi matenda a shuga musadikire nkomwe zizindikiro zonsezi, kachilonda ka kumwendo kosapola kaonetseni msanga. Mukafika funsaninso za katemera wa kafumbata ngati papita zaka zambiri musanabayitse.

Ndipo magazi anuwo sathera pa mwendo wanu okha. Amalowa m'manomano a chitsulo, nkuumira momwemo, wobwera pambuyo panu nayenso asupuka pamalo omwewo kapena ali ndi chikanga chong'ambika m'manja. Kachilombo ka hepatitis B, matenda a chiwindi, kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa. Nchifukwa chake pa mpikisano chitsulo chikadontheredwa magazi amaimitsa kaye nkuchitsuka. Inunso mukadonthezera nenani kwa oyang'anira jimu, chitsukidwe ndi bulashi ndi mankhwala ophera tizilombo, kupukuta ndi thaulo lanu la thukuta sikutsuka.

Chiyambireni nkhani ya mnyamata uja, munthu akabwera kwa ine ndi chilonda chosapola pamsongolo sanyamula kuchokera pansi, olo adandaule bwanji. Ndimamupatsa trap bar ngati ilipo, poti imeneyo umaima m'kati mwake chitsulo sichikhudza mwendo, apo ayi timakweza chitsulo pa rack, choikapo zitsulo chija, chiyambire m'mawondo, mpaka nkhanambo itagwa yokha. Ikagwa timayambiranso ndi mapuleti opepuka, masokosi atavala, ine nditaima chammbali kuyang'ana pomwe chiuno chili.