Malire a madera a aphungu: anthu aone mapu ntchito isanathe

Mudzi ukachotsedwa m'dera la phungu wina n'kuikidwa kwa wina, mavoti ake amasamuka nawo. Khomo lokapemphako mlatho kapena mjigo wa ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) limasinthanso. N'chifukwa chake kudula malire si ntchito ya akatswiri a mapu okha.

Gawo 76 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ntchitoyi ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Limati madera azikhala ndi anthu oyenera kuvota ofananirako kuchuluka, poganiziranso kuthithikana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, komanso malire a maboma ndi a mafumu. Kwa zaka zambiri linkatinso malirewa aziunikidwa pasanadutse zaka zisanu. Koma madera 193 amene tinavotera mu 1999 anakhala momwemo kwa zaka zoposa 20, uku mizinda ikusefukira. Voti ya munthu wa mu Lilongwe inkapepuka chaka ndi chaka poyerekeza ndi ya mnzake wa ku Likoma.

Mu 2021 ndi 2022, MEC motsogozedwa ndi Justice Chifundo Kachale inaunika malirewa pogwiritsa ntchito kalembera wa anthu wa 2018. Madera a aphungu anafika 229, mawodi a makhansala anachoka pa 462 kufika pa 509, ndipo ndi amene tinavotera pa 16 September 2025. Nyumba ya Malamulo imangovomereza. Siingasunthe mzere payokha popanda MEC. Lamulo limeneli ndi lanzeru, chifukwa phungu wolola kuchotseredwa mudzi umene umamuvotera ngosowa.

Misonkhano yomva maganizo a anthu pa malirewa inachitika m'maboma, inde. Funso langa ndi lakuti: amalankhula ndani? Pa boma pamafika mafumu aakulu, azipani ndi amabungwe. Mayi amene mzere wadutsa kuseri kwa nyumba yake amadzamva tsiku lolembetsa kuti dera lasintha.

Ulendo wotsatira, mapu oyeserera apachikidwe pa sukulu, pamsika ndi kubwalo la gulupu, midzi italembedwa mayina m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chilankhulo cha kumeneko. Pambali pake pakhale chiwerengero cha ovota m'dera lililonse, kuti aliyense adziwerengere yekha. Wailesi zam'madera ziwerenge mayina a midzi yosamutsidwa.

Chachikulu ndi yankho. Dandaulo lililonse lilembedwe, ndipo MEC ifotokoze poyera chifukwa chimene yalivomerera kapena kulikana. Zimenezi zichitike chisankho chikadali kutali, andale asanayambe kuwerenga midzi ngati mavoti.