Timu ya m'thumba la bwana: mwambowu unachokera kuti?

Aliyense amene anaonerapo mpira pa bwalo la sukulu ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa amaudziwa mpando uja. Umakhala pamthunzi, pafupi ndi mzere, ndipo palibe amaukhalira mpaka mwini wake, bwana mwini timu, afike. Akatsika m'galimoto, anyamata othandizira timu amathamanga: "Afika abwana, takulandirani bwana." Osewera nawonso amayamba kuthamanga mosintha. Pamutu pawo pali funso limodzi, ngati bonasi ya lero ituluke.

Anthu ambiri amaganiza kuti izi n'zachilendo, zobwera ndi anyamata a ndalama a masiku ano. Ayi ndithu. Mpira wa ku Malawi unakulira m'manja mwa makampani, ndipo maina a matimu ndiwo umboni. Bullets inali Bata Bullets chifukwa cha kampani ya nsapato. Wanderers inakhalapo Limbe Leaf Wanderers, kenako inatenga dzina la kampani ya matelefoni. Kunali ADMARC Tigers, MDC United, ESCOM United. Wosewera wabwino ankapatsidwa ntchito pakampani, mwina ukalaliki, mwina m'sitolo, koma aliyense ankadziwa kuti ntchito yake yeniyeni ili m'miyendo. Basi inali ya kampani, yunifolomu ya kampani, bwalo la kampani.

Kwathu kuno nkhaniyi inabwera ndi nzimbe. Fakitale ya shuga ya ku Dwangwa itatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pansi pa kampani ya Lonrho, anthu anasonkhana kuchokera m'maboma osiyanasiyana kudzadula nzimbe ndi kugwira ntchito m'fakitale. Anthu ochuluka chotero amafuna pokasangalala Loweruka, ndiye panabadwa timu imene akuluakulu amaikumbukira ndi dzina loti Dwasco, ndipo achinyamata amaidziwa ngati Dwangwa United. Bwalo la Chitowe ndi mwana wa nthawi imeneyo. Mu 1997 Illovo inagula bizinesi ya shuga ya Lonrho, ndipo m'zaka zomwezo makampani ambiri a boma ankagulitsidwa kapena kuchepetsedwa. Eni atsopano a makampani anayamba kuwerenga ndalama mwanjira ina. Poyang'ana pochepetsa, mpira unali pafupi. MDC United lero ndi dzina la m'nkhani zakale, ESCOM United chimodzimodzi.

Makampani atachoka, mpando wawo sunachoke. Unangotsala wopanda munthu, ndipo amene anakhalapo ndi munthu mmodzi wa thumba lozama. Timu inazolowera kulandira, sinaphunzire kupeza. Apa ndi pamene ine ndimaona muzu wa vuto lonse.

Chitsanzo chachikulu aliyense amachidziwa. Bakili Muluzi ali pulezidenti anaitenga Bullets, n'kukhala Bakili Bullets. Ndalama zinalipo, timu inakachita kampu ku England, ndipo mu 2004, pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri, inagonjetsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa m'magulu a CAF Champions League, mpikisano wa matimu akuluakulu a mu Africa, kumene inakumana ndi matimu ngati Enyimba ya ku Nigeria. Inali nthawi yokoma. Koma thandizolo litatha, timu ya otsatira ochuluka kuposa ina iliyonse m'dziko muno inakhala zaka ikuvutika, mpaka kampani ya fodya ya Nyasa Manufacturing inabwera mu 2015. Ngati Bullets, ndi khamu lake lonse, inagwedezeka chotero, nanga timu ya pa Benga kapena pa Nkhunga?

China chaposachedwa ndi Masters Security ya ku Lilongwe, timu ya wamalonda Alfred Gangata. Mu 2018 inasewera m'mpikisano wa CAF Confederation Cup, chaka chomwecho n'kutenga chikho cha Carlsberg. Mu 2019 inatuluka mu ligi yaikulu ya Super League, limodzi ndi Dwangwa United yathu. Chikho chaka chino, chaka chamawa kutsika.

Tsopano yerekezani ndi MAFCO ya ku Salima, imene yakhala ikuseweranso masewero ake apakhomo pa Chitowe pomwepo. Ndi timu ya asilikali. Wosewera amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi, agole asagole, ndipo galimoto yopitira ku Karonga siidikira kuti munthu wina agulitse kaye katundu. Si kuti asilikali amaudziwa mpira kuposa ana a asodzi. Kusiyana kwake n'koti thumba lawo silidwala malungo, silipita kumaliro, silikwiya.

Thumba la bwana wa m'mbali mwa nyanja limachita zonsezo, ndipo lili ndi nyengo zake. Mwini timu kuno kawirikawiri amakhala wa maboti ndi makoka, wogula mpunga, wa mashopu, kapena wa magalimoto a matola. Wa mabotiyo amaopa mwera. Mphepo ikakula pakati pa chaka, maboti amagona pagombe masiku angapo, usipa osaoneka, ndipo imeneyo ndi nthawi imene ligi yafika pachimake. Wa mpunga ndalama zake zonse zimalowa m'matumba nthawi yokolola, kudikira kuti mtengo ukwere. Akamauza osewera kuti "dikirani pang'ono, ana anga", sakunama. Ndalamazo zilidi m'nkhokwe. Koma minibasi yopita ku Kasungu kudzera m'nkhalango muja siilandira thumba la mpunga.

Ndipo zolipira sizidikira nyengo: ndalama yolembetsera timu ku ligi, makadi a osewera, oimbira masewero, mafuta, chakudya cha paulendo, mipira, nsapato, wosewera akathyoka mwendo. Matimu a ku Salima ndi Nkhotakota ali m'chigawo chapakati, kutanthauza maulendo a ku Lilongwe, Mchinji, Dedza, Ntcheu. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, nsapato ndi mipira, zomwe zimachokera kunja, zinakwera limodzi ndi mafuta. Zolowa? Bwalo lopanda mpanda silitolera khobidi, anthu amaonera ali panjinga zawo. Ngakhale pa bwalo la mpanda, ndalama za pageti zimagawidwa: mwini bwalo, mabungwe a mpira, achitetezo, timu yobwera, ndipo chotsala nthawi zina sichikwana ngakhale mafuta.

Choopsa kwambiri, kwa ine, si kuchepa kwa ndalama koma kuti palibe akudziwa kuti timu imadya zingati. Komiti ilipo, ndi tcheyamani, mlembi ndi msungichuma, koma msungichumayo sanasungepo kalikonse. Ndalama imachoka mufoni ya bwana kupita kwa dalaivala kapena kwa kochi. Yunifolomu imagona kunyumba kwa bwana, makadi a osewera ali m'chikwama chake, ngakhale dzina la timu nthawi zambiri ndi la shopu yake. Wosewera waluso akatengedwa ndi timu yaikulu, ndalama ya transifa imabwerera m'thumba momwe munachokera zina zija, ndipo ndani angatsutse? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Timu yotere ilibe fodya pamphuno ngakhale pang'ono.

Andale nawo amabwera ndi mabonanza chisankho chikayandikira, zikho ndi mayunifolomu olembedwa dzina lawo kumsana. Imeneyo ndi nkhani ya miyezi yochepa, tisataye nayo nthawi.

FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ili ndi malamulo a ziphaso za matimu, ofuna kuti timu ya mu Super League ionetse mabuku a chuma, makontirakiti a osewera ndi timu ya achinyamata. Maganizowo ndi abwino, koma amakumana ndi timu itakwera kale, pamene zizolowezi zake zinakhwimira kumunsi. Ndipo kukwera kumene kumathyola msana: timu imene dzulo inkapita ku Dowa n'kubwerako tsiku lomwelo tsopano iyenera kukagona ku Blantyre, ku Mulanje, ku Chitipa, zonse pa thumba lomwe lija.

Ndisanamizire, abwanawa ambiri amaukonda mpira mochokera pansi pa mtima, ndipo popanda iwo mabwalo athu bwenzi akudyetsa mbuzi. Timu ikamafa sipakhala chilengezo. Bwana amangoyamba kusowa pa masewero, foni yake imaitana osayankhidwa, timu imalephera ulendo umodzi, kenako wachiwiri, mapointi n'kupita kwa anzawo. Anyamata abwino amabalalika, ena ku timu ya bwana wina, ena kukabaza, ena kubwerera kunyanja. Mpando uja mphunzitsi wamkulu amaubweza mukalasi.