Masiku 30 a pa pasipoti: mmene ulendo wa ku Joni unasandukira mlandu

Mabasi akatsitsa anthu obwezedwa kuchokera ku South Africa, nkhani imafika pa Kamwendo, pa Mkanda ndi pa Kapiri, m'boma la Mchinji, eni ake asanafike pakhomo. Mkangano wake susintha. Ena amati lamulo ndi lamulo: unapatsidwa masiku 30, iwe n'kukhala zaka zitatu, ukudandaula chiyani akakutsekera? Ena amati munthu amene sanabe, sanaphe, wangopitirira masiku posaka ya mchere ndi sopo, si woti n'kumusunga miyezi mu mpanda wa waya. Onsewa amayankhula ngati vutoli ndi la dzulodzuloli, chonsecho muzu wake uli m'zaka za 1974 ndi 1988, pamene khomo lopita ku Joni movomerezeka linatsekeka koma njira yake n'kukhala yotsegula.

Munthu wa ku Mchinji sauzidwa za malire. Mzere wolekanitsa Malawi ndi Zambia unajambulidwa ndi atsamunda mu 1891 potsata mitunda yogawa madzi opita kunyanja ndi opita ku Luangwa, ndipo unadutsa pakati pa Achewa ndi Angoni apachibale. Kalonga Gawa Undi ali ku Mkaika, ku Katete, tsidya linalo. Maliro akagwa ku Chipata anthu amapita, Kulamba ikafika amapita. Zoti munthu akhoza kukhala mlendo wowerengeredwa masiku, masikuwo akatha n'kusanduka wolakwa, n'zobwera ndi mapepala.

Ulendo wa kummwera nawo ndi wakale kuposa mapepalawo. Msonkho utayamba m'zaka za m'ma 1890, amuna anayamba kuyenda wapansi kukasaka ndalama ku Rhodesia ndi ku migodi ya golide ya ku Johannesburg. Kamuzu Banda naye anachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, anagwirako ntchito ku Hartley, ku Rhodesia, kenako n'kukafika ku mgodi wa Witwatersrand Deep. Oyenda okha chotere ankatchedwa aselufu, ndipo amene sanabwererenso ndiwo matchona. Mu 1913 South Africa inaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha akumpoto chifukwa ankafa ndi chibayo m'migodi, koma aselufu sanasiye. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku South Africa, n'kukhazikika m'dziko muno.

Wenela inali ndi nkhanza zake, ndipo palibe chifukwa choikometsera. Amuna ankagona mothithikana m'makomboni, malipiro anali ochepa, ambiri anabwerako ndi matenda a m'mapapo. Koma onani mmene ulendowo unkayendera. Munthu ankalembetsa kuno kumudzi, kupimidwa ndi dokotala, kudinda chala pa kontrakiti ya pafupifupi zaka ziwiri, kukwera ndege mpaka ku Francistown ku Botswana, kenako sitima ya pamtunda mpaka ku migodi. Gawo lina la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandirire kuno, ndipo boma la Malawi linkapezerapo ndalama zakunja. Kontrakiti ikatha, Wenela yomweyo inkamubweza. Kupitirira masiku kunalibe malo m'dongosolo limeneli, chifukwa masiku ankawerengedwa ndi amene wakulemba ntchito. Malawi itapangana za antchito ndi South Africa mu 1967, chiwerengero chinakwera mpaka pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko. Mpaka lero depoti ya mabasi ku Blantyre imatchedwa Wenela.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inanyamuka ku Francistown itatenga amuna omwe anamaliza makontrakiti awo, ulendo wa kumudzi. Sinapite patali. Inagwa itangonyamuka n'kuyaka moto. Mwa anthu 84 amene anali m'ndegemo, 78 anafa, ndipo mabuku ambiri amati 74 mwa iwo anali Amalawi a ku migodi. Ofufuza anapeza kuti mafuta a ndegeyo anasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti, omwe mainjini ake sakanatha kuyendera. Awa anali anthu oti apulumuka pansi pa nthaka zaka ziwiri, masutikesi ali odzaza ndi nsalu ndi mabulangete a kunyumba. Kamuzu analetsa nthawi yomweyo kulemba anthu a ku migodi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira pafupifupi onse anabwerera.

Chifukwa chomwe boma linapereka chinali ngoziyo, ndipo palibe angakane kuti inali yowawa. Koma akatswiri ofufuza mbiri ya chuma cha dziko lino amaloza kwina. Zaka zomwezo n'zimene maesiteti a fodya ankakula mwamphamvu ku Kasungu ndi ku Mchinji, ena a makampani a Press, ena a akuluakulu a boma ndi chipani. Maesitetiwo ankasowa manja. Amuna obwera ku Joni ambiri anathera pa utenanti ndi pa ganyu wa m'zigafa, pa malipiro otsika kwambiri poyerekeza ndi a ku mgodi. Palibe chikalata chodziwika chimene Kamuzu analembapo kuti cholinga chake chinali chimenecho, choncho mfundoyi imaima pa kugwirizana kwa nthawi ndi pa amene anapindula. Kwa ine ikumveka yolemera, chifukwa chiletso chobwera ndi chisoni chokha sichikanatenga zaka zitatu.

Chomwe sichikayikitsa n'chakuti eni migodi anatengapo phunziro. Atataya Amalawi mwadzidzidzi, Mozambique nayo n'kulandira ufulu mu 1975, anakweza malipiro n'kuyamba kulemba kwambiri anthu a m'dziko lawo lomwe ndi a ku Lesotho. Pamene Malawi inalolanso kulemba anthu mu 1977, Wenela itasintha dzina kukhala TEBA, malo anali atatsala ochepa, osafika 20,000. Mu 1987 South Africa inaika lamulo lokaniza alendo opezeka ndi HIV, n'kufuna kuti Amalawi aziyezedwa magazi asanalembedwe. Boma la Malawi linakana. Kulemba kunaima mu 1988, ndipo pofika 1992 amuna pafupifupi 13,000 anali atabwezedwa. Apanso zonena zimasiyana: boma la kumeneko linkati ndi nkhani ya matenda, pomwe ofufuza amati migodi inali itayamba kale kuchepetsa alendo, makamaka pambuyo pa sitalaka yaikulu ya 1987, ndipo HIV inangokhala ponamizira. Mulimonsemo, kuyambira pamenepo Mmalawi wamba, wopanda digiri, alibe khomo lolowera ku South Africa ngati wantchito.

M'malo mwa kontrakiti ya zaka ziwiri munalowa chidindo cha masiku 30. Mmalawi safunika viza kuti akacheze ku South Africa. Akachoka ku Mchinji amadzera ku Lilongwe, kutulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka pa Beitbridge, pamene amadindiridwa masiku osaposa 30. Chidindo chimenechi n'cha mlendo wodzacheza, sichilola kugwira ntchito. Munthu amene wagulitsa soya ndi mtedza, mwinanso wakongola ya transipoti, sangabweze ndalamazo pa mwezi umodzi. Mwezi woyambawo umathera kusaka ntchito ya m'dimba, ya m'nyumba kapena ya pa shopu. Tsiku la 31 likamakwana amakhala asanalandire kalikonse, ndipo amakhala walowa kale m'gulu la opitirira masiku.

Ambiri amafunsa kuti bwanji osangokatenga pemiti ali komweko. Malamulo omwe anayamba kugwira ntchito pa 26 Meyi 2014 anatseka njira imeneyo: wolowa ngati mlendo sangasinthire ku viza ya ntchito ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zapadera zochepa, ayenera kubwerera kwawo n'kukapempha ku ofesi ya kazembe. Pa malamulo a 2014 amenewo, viza wamba ya ntchito inkafuna kuti unduna wa zantchito utsimikize kuti palibe nzika ya South Africa imene ingagwire ntchitoyo, zomwe wa m'dimba sakanazikwanitsa. Anthu a ku Zimbabwe anapatsidwa mapemiti apadera kuyambira 2010, a ku Lesotho kuyambira 2016. Amalawi sanapatsidwepo, ngakhale makolo awo anakumba nawo golide yemweyo.

Malamulo a 2014 omwewo anasinthanso chilango. Kale wopitirira masiku ankalipira faindi. Tsopano akafika pa chipata potuluka amalembedwa kuti ndi munthu wosafunika m'dzikomo. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowa kwa chaka chimodzi, akabwerezanso pasanathe miyezi 24 ndi zaka ziwiri, ndipo wopitirira ndi masiku oposa 30 ndi zaka zisanu. Pali mwayi wolemba kalata yodandaula ku Home Affairs, unduna woona za olowa ndi kutuluka m'dzikomo, n'kuphatikizapo umboni monga kalata ya chipatala ngati munthu anagonekedwa, koma "ndinalibe ya basi" sichiwerengedwa ngati chifukwa. Zotsatira zake n'zosiyana ndi zomwe olemba lamulo ankafuna. Munthu wodziwa kuti akatuluka sadzalowanso zaka zisanu amasankha kusatuluka, ngakhale kumudzi kutagwa maliro a mayi ake. Ena amapereka pasipoti kwa matransipota kuti akaidinditse ngati mwini wake anatuluka n'kulowanso. Apa mpamene ambiri amagwera m'dzenje lakuya, chifukwa chidindo chimene mulibe mu kompyuta ya pa chipata chimaoneka msanga, ndipo mlandu wa masiku umasanduka mlandu wa zikalata zachinyengo.

Wogwidwa mumsewu kapena pa ntchito amayamba wasungidwa pa polisi. Akhoza kuzengedwa mlandu wokhala m'dziko popanda chilolezo, womwe chilango chake chimatha kufika zaka ziwiri. Akamaliza, kapena ngati sanazengedwe, amapita ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, ku Krugersdorp, kumadzulo kwa Johannesburg. Dzinalo Mchewa amalimva bwino, ndi kulindira komweku. Malowa anatsegulidwa mu 1996 pa komboni yakale ya anthu a ku mgodi, ndipo kwa zaka zambiri ankayendetsedwa ndi kampani ya Bosasa m'malo mwa boma. Adzukulu a amuna a Wenela amalindira basi yowabweza m'nyumba za mtundu womwewo umene agogo awo ankagonamo akubwera ku ntchito.

Lamulo la 2002 loona za olowa m'dzikolo, pa gawo 34, linkalola kusunga munthu masiku 30 popanda khoti, kenako khoti n'kuwonjezera masiku osaposa 90. Malire ndi masiku 120. Mmalawi amachedwa kuposa anzake pa zifukwa zoonekeratu. Wa ku Zimbabwe, Mozambique kapena Lesotho amangomufikitsa pa chipata, pomwe wa ku Malawi ayenera kukwera ndege kapena kudutsa maiko awiri pa basi. Ngati pasipoti inatayika kapena inatha, akazembe athu ayenera kutsimikiza kaye kuti ndi Mmalawi n'kumupatsa chikalata choyendera. Ndalama ya ulendowo ikasowa, masiku amangoyenda. Mu 2014 khoti lalikulu ku Johannesburg, pa mlandu wobwera ndi bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, linagamula kuti kusunga anthu ku Lindela kupitirira masiku 120 n'kuphwanya lamulo. Pa 29 Juni 2017 Khoti la Malamulo Aakulu linapita patsogolo pa mlandu wobwera ndi bungwe la maloya la Lawyers for Human Rights: aliyense wosungidwa kuti abwezedwe ayenera kukaonekera yekha pamaso pa woweruza pasanathe maola 48. Nyumba ya malamulo inapatsidwa miyezi 24 kuti ikonze lamulolo, koma sinakonze. Mu Okutobala 2023 khotilo linabwerezanso chigamulo chake, n'kulamula kuti nduna ya Home Affairs pa nthawiyo, Aaron Motsoaledi, ndi mkulu wa unduna wake alipire gawo la ndalama za mlanduwo kuchokera m'matumba mwawo.

Amene amati lamulo ndi lamulo ali ndi mfundo. Dziko lililonse lili ndi ufulu wodziwa amene ali m'kati mwake, ndipo ulova ku South Africa ndi waukulu. Makhoti a kumeneko sanatsutsepo zimenezo. Chimene anakana n'chakuti munthu atsekeredwe osaonana ndi woweruza, kapena akhale mu mpanda nthawi yopanda malire chifukwa maboma awiri akukankhirana za transipoti.

Kwathu kuno nkhani yomweyi ili ndi nkhope ina. Lamulo lathu loona za olowa ndi kutuluka m'dziko ndi la 1964, ndipo alendo ogwidwa amasungidwa m'ndende wamba pamodzi ndi akaidi ena. Mu 2015 madokotala a bungwe lothandiza odwala la MSF anadandaula poyera za anthu a ku Ethiopia mazanamazana amene anali ku Maula, ndende yomangidwira anthu pafupifupi 800 koma yosunga oposa 2,000. Ambiri anali atamaliza kale zilango zawo, akungolindira ndege imene boma linalibe ndalama yake. Nawonso ankapita ku Joni. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anagwira othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda mu Lilongwe, ana omwe, n'kuwasunga ku Maula asanawapititse ku Dzaleka, msasa womwe unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma uli ndi oposa 50,000. Ambiri mwa amene anaomba m'manja tsiku limenelo ali ndi mbale wawo amene masiku anamuthera kalekale ku Johannesburg kapena ku Cape Town.

Pa chipata cha Mchinji ndi Mwami tsopano pali nyumba zatsopano zimene atsogoleri a maiko awiriwa anatsegula mu Disembala 2022, kuti munthu azidinditsa kamodzi m'malo mwa kawiri. Mathiraki sakuchedwanso ngati kale. Wobwezedwa ku Lindela, yemwe pasipoti yake yalembedwa kale ku Beitbridge, amadutsa pomwepo akamapita kukagula katundu ku Chipata, ndipo pamenepo palibe amene amamufunsa za zaka zisanu zija.