Pamene mlandu wa patenti unamangidwa chingwe chimodzi ndi mlandu wa msonkho

Mu Julayi 2025, ofesi yoona za malonda ya boma la America, USTR, inatsegula kafukufuku wokhudza dziko la Brazil. Chinadabwitsa ambiri ndi katundu amene anaikidwa m'thumba limodzi: njira zolipirira ndalama pafoni, msonkho wa ethanol, kudula nkhalango, ziphuphu, komanso umwini wa luso ndi nzeru za anthu. Tikucheza za nkhaniyi ku Matawale, mnzanga wina amene anaphunzira zamalamulo ku Chanco anati ngakhale pabwalo la mfumu, mlandu wa malire a munda sauzengera pamodzi ndi wa ngongole ya mbuzi. Ine ndinakumbukira kuti mkanganowu ndi wakale, ndipo mbali ina ya mbiri yake inathera kuno ku Zomba.

Chiyambi chake n'chachidule. Gawo 301 la lamulo la zamalonda la 1974 linapatsa boma la America mphamvu yobwezera dziko limene ikuliona kuti silikuchita nalo malonda mwachilungamo. Mu 1988 anawonjezerapo ndondomeko yotchedwa Special 301, yoti chaka chilichonse aziunika momwe mayiko akutetezera mapatenti (ziphaso zoletsa ena kupanga chinthu chimene wina anatulukira), nyimbo, mabuku ndi zizindikiro za malonda. Lipoti loyamba linatuluka mu 1989, ndipo mpaka lero limatuluka chakumapeto kwa Epulo. Brazil yemweyo analawa ndodo kale mu 1988: chifukwa chosapereka patenti pa mankhwala, katundu wake wina, kuphatikizapo mapepala, anaikiridwa msonkho wa 100 peresenti. Wopanga mapepala analipira mlandu wa mankhwala.

Koma pamene zinthu zinatembenukira ndi ku South Africa. Mu 1997 boma la Nelson Mandela, nduna ya zaumoyo ili Nkosazana Zuma, linasintha lamulo la mankhwala. Gawo 15C linapatsa nduna mphamvu yoitanitsa mankhwala kuchokera kumene akugulitsidwa motchipa. Nthawiyo ma ARV a munthu mmodzi ankafika madola 10,000 kapena kuposa pachaka. Makampani a mankhwala anakamang'ala ku khoti la ku Pretoria mu 1998, ndipo chaka chomwecho South Africa inalowa pamndandanda wa Special 301 wa mayiko oti aziyang'aniridwa. Mu Juni 1998 boma la America linaimika pempho la South Africa loti mitundu 4 ya katundu wake izilowa popanda msonkho pansi pa GSP, ndondomeko yochotsera msonkho katundu wa mayiko ongotukuka kumene, mpaka nkhani ya mapatenti itayenda. Katunduyo sanali mankhwala ayi. Apa ndiye pamene milandu iwiri inamangidwa chingwe chimodzi pamaso pa aliyense.

Makampani anali ndi mfundo zawo, ndipo si zachabechabe. Ankati kupeza mankhwala atsopano kumadya ndalama zambiri, ndipo lamulo la South Africa linali lotambasuka moti nduna ikanatha kuchita nalo chilichonse. Akuluakulu a ku Washington nawo ankati lamulo la GSP linali litaika kale chitetezo cha umwini wa nzeru pakati pa zoyenereza dziko kuyambira 1984, choncho panalibe chachilendo. Boma la South Africa linkayankha kuti silinaphwanye pangano la TRIPS, lokhudza umwini wa nzeru, la bungwe la zamalonda la padziko lonse la WTO, ndipo ngati wina akuona kuti laphwanya, bwalo lilipo ku Geneva. America sinapite nayo nkhaniyi ku bwalolo. Kwa ine mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa zina zonse.

Mu Juni 1999, wachiwiri kwa pulezidenti wa America, Al Gore, amene ankatsogolera komiti ya mayiko awiriwa pamodzi ndi Thabo Mbeki, anayamba kampeni yofuna upulezidenti ku Carthage, Tennessee. Omenyera ufulu wa odwala Edzi anasokoneza msonkhanowo, n'kupitiriza kumutsatira kumisonkhano ina. Pofika Seputembala mayiko awiriwa anali atagwirizana, ndipo chisanathe chaka South Africa inachotsedwa pamndandanda. Chinasintha mtima wa boma n'chiyani? Omenyera ufulu amati ndi manyazi a pakampeni. A boma ankati zokambirana zinali zitapsa kale. Zolembedwa za mbali zonse ziwiri sizigwirizana, koma masiku ake amalozera kwambiri ku zimene amanena omenyera ufuluwo.

Meyi 2000 anabweretsa zinthu ziwiri motsatizana. Pa 10 Meyi, Bill Clinton anasaina lamulo la pulezidenti nambala 13155, lakuti America isamakakamize mayiko a kum'mwera kwa Sahara kusintha malamulo awo a mapatenti a mankhwala a Edzi bola akugwirizana ndi TRIPS. Pa 18 Meyi anasaina AGOA, ndondomeko ya malonda ndi mayiko a mu Africa imene inatsegulira msika wa America zovala, mtedza wa makadamiya ndi katundu wina wa kuno. Chitetezo cha umwini wa nzeru chinatsalabe pakati pa zoyenereza za AGOA, koma pa mankhwala a Edzi chingwe chija chinamasulidwa. Zotsatira zinabwera mothamanga: mu Febuluwale 2001 kampani ya ku India ya Cipla inati igulitsa mankhwala atatu pamodzi pa madola 350 pachaka, pa 19 Epulo makampani 39 anausiya mlandu wa ku Pretoria, mu Novembala mayiko a WTO anagwirizana ku Doha kuti TRIPS isaletse dziko kuteteza umoyo wa anthu ake.

Mu 2004 Malawi anayamba kupereka ma ARV aulere ndi thandizo la Global Fund, ndipo mankhwala oyamba ambiri anali Triomune wa Cipla uja. Chaka chomwecho kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa pachipatala chachikulu cha Zomba. Amene tinalipo tikukumbukira maliro a m'ma 1990, ndiponso momwe anthu amene tinkati tawataya anayambiranso kupita kumunda.

Ndisanamizire kuti umwini wa luso ndi nkhani ya azungu okha. Pitani mumsika wa Zomba muone anyamata akubena nyimbo pakompyuta, woimba wake osalandira ngakhale tambala. COSOMA, imene imateteza ntchito za oimba ndi olemba, yakhala ikulimbana nazo kuyambira 1992, ndipo lamulo latsopano la 2016 linabwera chifukwa cha madandaulo ngati amenewa. Woimba woberedwa nyimbo ali ndi dandaulo lenileni. Funso ndi lakuti kodi mlimi wa makadamiya ku Thyolo ndiye azilipira mlanduwo.

Chingwe chija sichinatayidwe. Mu 2019 USTR inavomera kuunika mwayi wa GSP wa South Africa chifukwa cha bilu yosintha lamulo la kopirayiti, makampani a mafilimu, nyimbo ndi mabuku atadandaula. Mu Juni 2020 pulezidenti wa South Africa Cyril Ramaphosa anaibweza biluyo ku nyumba ya malamulo, ponena kuti ili ndi mavuto pa malamulo oyendetsera dziko. Malawi, ngati limodzi mwa mayiko osauka kwambiri, ali ndi chilolezo cha WTO chosakakamizidwa kuteteza mapatenti a mankhwala, ndipo chimatha pa 1 Januwale 2033.